Nyimbo za Khirisimasi zidachokera kuti, ndipo zonse n'zolowa nazo m'tchalitchi?

Funso

Mayi wina wa Mvano ku Mulanje, yemwe amaphunzitsanso kwaya ya achinyamata pampingo pawo, walemba kuti pabuka kusamvana pokonzekera mapemphero a nyimbo za Khirisimasi. Achinyamata aika "Jingle Bells" pa pulogalamu, pafupi ndi "Usikuwo Woyerawo" ndi "Joy to the World". Mkulu wa mpingo wina wakana. Akuti nyimbo zonsezi n'zachizungu, za kumayiko ozizira, ndipo mizu yake ndi yachikunja. Mayiwa akufuna kudziwa komwe nyimbozi zidachokera, omwe adazipeka, komanso ngati mkuluyo akunena zoona.

Yankho

Mayi, pa "Jingle Bells" bambo mkulu wa mpingowo sadalakwitse. Adaipeka James Lord Pierpont ndipo idasindikizidwa ku Boston mu 1857. M'ndime zake zonse mulibe Yesu, mulibe Betelehemu, ngakhale dzina loti Khirisimasi silitchulidwamo. Imakamba za anyamata othamangitsa kangolo kopanda matayala, kokokedwa ndi hatchi pa sinowo. Ndime yachiwiri, yomwe anthu ambiri saidziwa, ndi ya mnyamata yemwe watenga mtsikana kukayenda naye, kangoloko n'kuwagubuduza. Kafukufuku wa Kyna Hamill wa ku Boston University adaonetsa kuti idayamba kuimbidwa pagulu m'zisudzo zomwe azungu ankadzipaka zakuda kumaso potonza anthu akuda. Achinyamata anu aiimbe paphwando la fanta ndi mpunga mukaweruka, palibe tchimo pamenepo, koma paguwa ilibe chonena. Mnzake ndi "White Christmas" ya Irving Berlin, yomwe Bing Crosby adaitchukitsa mu 1942. Ndi nyimbo ya munthu wosowa kwawo komwe kumagwa sinowo, ndipo asilikali a ku America omwe adali kutali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adaikonda pa chifukwa chomwecho. Ife mu Disembala timakhala tili kalikiliki kupalira ndi kuthira feteleza, ndiye zotilowa mumtima m'menemo n'zochepa.

Pomwe ndikusiyana ndi mkuluyo ndi pomanga nyimbo zonse mtolo umodzi. Zambiri zomwe mumaimba m'tchalitchi olemba ake amadziwika ndi mayina ndi zaka, ndipo ambiri adali abusa, ansembe ndi oimba limba a zaka za m'ma 1700 ndi 1800, Chikhristu chitakhazikika ku Ulaya kwa zaka mazanamazana. Chinthu china chomwe ndimafuna kuti oimba athu azichidziwa n'choti pafupifupi nyimbo iliyonse mwa izi idadutsa m'manja ambiri. Mawu adalemba wina, chuni adapeka wina patapita zaka, womasulira naye adasintha zake. Palibe yomwe idatsika kumwamba ili yomalizidwa kale.

Chikalata chakale kwambiri chosonyeza Akhristu akukumbukira kubadwa kwa Yesu pa 25 Disembala ndi cha ku Roma, ndipo chimaloza chaka cha 336. Ambrose, bishopu wa ku Milan yemwe adamwalira mu 397, adalemba nyimbo ya kubwera kwa Mpulumutsi yomwe ikadalipo mpaka lero. Koma nyimbo zotere zidali m'Chilatini, zodzaza ndi chiphunzitso, ndipo m'kupita kwa zaka Chilatini chidatsala chinenero cha ansembe ndi ophunzira okha. Mlimi wa ku France kapena ku England ankangoima n'kumamvetsera. Zake iye zidali kunja, pabwalo. Anthu ankazungulira atagwirana manja, mmodzi akutsogolera ndime, gulu lonse likuvomera kolasi uku likuvina, monga amayi amachitira pa chimtali. Magule amenewa ndiwo oyamba kutchedwa ma carol, dzina lomwe lero m'Chingelezi limatanthauza nyimbo za Khirisimasi, koma panthawiyo sadali a Khirisimasi yokha. Atsogoleri a mpingo ankawadzudzula kawirikawiri, makamaka akavinidwa pabwalo la tchalitchi.

Omwe adathandiza kwambiri kukumanitsa bwalo ndi guwa ndi Francis wa ku Assisi ndi omutsatira. Mu 1223, ku Greccio m'dziko la Italy, Francis adakonza modyera ziweto mwenimweni, ndi udzu, ng'ombe ndi bulu, kuti anthu wamba aone ndi maso awo umphawi womwe Yesu adabadwiramo. Alaliki a chipani chake adayamba kupeka nyimbo zachipembedzo m'zinenero za anthu, m'kaimbidwe komwe anthuwo adazolowera. Pofika 1426, wansembe wina wa ku England, John Audelay, adali atalemba mndandanda wa ma carol a Khirisimasi 25 m'Chingelezi. Nyimbo za nthawi imeneyo sizidali zachimwemwe zokhazokha. Yomwe imatchedwa "Coventry Carol" idachokera m'sewero lomwe atelala ndi ometa nsalu za ubweya a mumzinda wa Coventry ankachita m'zaka za m'ma 1500, ndipo ndi nyimbo ya amayi a ku Betelehemu akutonthoza makanda awo asilikali a Herode ali pafupi kufika. Ndimadabwa kuti makwaya athu, omwe amadziwa bwino kuimba maliro a mwana, sakhudza konse mbali imeneyi ya nkhani ya Mateyu 2.

Kukayikira kwa mkulu wa mpingowo kuli ndi makolo ake, ndipo makolowo ndi a mpingo wanu womwewo. Martin Luther ankakonda kuimba ndipo adapeka yekha nyimbo ya Khirisimasi m'zaka za m'ma 1530. Koma otsatira John Calvin, omwe ndi gwero la Chipresbateria, ankati m'mapemphero muziimbidwa Masalimo okha, ndipo tsiku lomwe Baibulo silidalamule lisasungidwe ngati lopatulika. Chinkawanyansanso ndi uchidakwa ndi phokoso la masiku a Khirisimasi. Mu 1640 Nyumba ya Malamulo ya ku Scotland idathetsa tchuthi cha Khirisimasi. Ya ku England idaletsa chikondwererochi mu 1647, mpaka ufumu utabwezeretsedwa mu 1660. Ku Massachusetts, kuyambira 1659 mpaka 1681, wopezeka akusunga Khirisimasi ankalipira chindapusa cha mashilingi asanu. Ku Scotland tsikuli lidadzakhala tchuthi cha boma mu 1958. Choncho amishoni omwe adafika ku Cape Maclear mu 1875 ndi ku Blantyre mu 1876 adachokera kudziko komwe pa 25 Disembala anthu ambiri ankadzuka n'kupita kuntchito monga tsiku lina lililonse.

M'nyengo yokhwima chonchi nyimbo zinkaloledwa pokhapokha zikaoneka kuti ndi Baibulo lenileni loikidwa m'ndime. "While Shepherds Watched Their Flocks" ya Nahum Tate idatuluka cha m'ma 1700 ndipo imangotsata Luka 2:8-14 vesi ndi vesi. Kwa zaka zoposa 80 idali nyimbo yokhayo ya Khirisimasi yovomerezeka mu Church of England. "Joy to the World", yomwe achinyamata anu aika pa pulogalamu, adailemba Isaac Watts mu 1719 m'buku lake la Masalimo, ndipo maziko ake ndi Salimo 98. Iwerengeni bwinobwino. Mulibe khola, mulibe abusa, mulibe Mariya. Imakamba za Ambuye wobwera kudzalamulira dziko ndi kuchotsa temberero la minga la pa Genesis 3. Chuni chomwe timachidziwa adachifalitsa Lowell Mason wa ku Boston m'zaka za m'ma 1830, Watts atamwalira kalekale, ndipo ndi anthu oimba omwe adaikokera ku Khirisimasi. Ngati mkuluyo akuti nyimbo iyi ndi yachikunja, ndiye kuti mlandu wake uli ndi wolemba Masalimo.

Tsopano "Usikuwo Woyerawo", yomwe kwa ine imaposa zonse. Mawu ake adalemba Joseph Mohr m'Chijeremani mu 1816, ali wansembe wachinyamata ku Mariapfarr, m'mapiri a chigawo cha Salzburg ku Austria. Mohr adabadwa mu 1792 kwa mayi wosauka wosakwatiwa. Bambo ake adali msilikali yemwe adathawa, ndipo mwanayo adapita kusukulu chifukwa wansembe wina wa patchalitchi chachikulu cha Salzburg adaona luso lake la zoimba n'kumuthandiza. Chaka cha 1816 chidali chowawa. Nkhondo za Napoleon zidali zitangotha kumene. Phiri la Tambora ku Indonesia lidaphulika mu 1815, utsi ndi phulusa lake zidasokoneza nyengo mpaka ku Ulaya, mbewu zidakanika, kudagwa njala. Mu 1817 Mohr adatumizidwa ku Oberndorf, katauni ka anthu oyendetsa mabwato a mchere pamtsinje wa Salzach. Mtsinjewo udali utangosandutsidwa malire a mayiko, Oberndorf n'kugwera ku Austria, Laufen ya kutsidya yomwe adali nayo tauni imodzi n'kugwera ku Bavaria. Anthu oyamba kumva nyimbo ya usiku wabata adali otopa ndi nkhondo, njala ndi kugawanika kwa mabanja.

Pa 24 Disembala 1818 Mohr adatengera ndakatulo yake kwa Franz Xaver Gruber, mphunzitsi wa pasukulu ya m'mudzi wa Arnsdorf yemwe ankaimbanso limba ku Oberndorf, n'kumupempha chuni cha mawu awiri, kwaya ndi gitala. Usiku womwewo adaiimba m'tchalitchi cha St Nikolaus. Mohr ankaliza gitala akuimba tena, Gruber besi, kwaya n'kumabwereza mizere yomaliza. Mudzamva ena akusimba kuti makoswe adadya zikopa za limba ndiye panalibe kuchitira mwina. Ndi nkhani yokoma pa ulaliki, koma Gruber mwini polemba mbiri ya nyimboyi satchula makoswe. Chotsimikizika ndi gitala. Izi muzisunge, Mayi, tsiku lomwe padzabuke mkangano wina woti gitala n'chida cha m'mabala.

Nyimboyi idatuluka m'mudzimo kudzera mwa Karl Mauracher, wokonza malimba wa kuchigwa cha Zillertal, yemwe adapita nayo kwawo. Kumeneko kudali mabanja oimba omwe ankayenda m'mizinda. A banja la Strasser, ogulitsa magolovesi, adakaiimba ku Leipzig kumayambiriro a zaka za m'ma 1830, ndipo a banja la Rainer adafika nayo ku New York mu 1839. Poyenda chonchi mayina a eni ake adatayika. Idasindikizidwa ngati nyimbo ya makolo ya ku Tyrol, chigawo chomwe kuli chigwa cha Zillertal chija, ena n'kumati adapeka ndi Michael Haydn, wopeka nyimbo wotchuka wa ku Salzburg. Mpaka mu 1854, pomwe oimba a kunyumba yachifumu ku Berlin adafunsa za gwero lake, m'pamene Gruber adalemba zomwe zidachitika. Apo n'kuti Mohr atamwalira mu 1848 ku Wagrain, ali wosauka, atathera ndalama zake pa sukulu ya ana ndi chisamaliro cha okalamba. Pepala lolembedwa ndi dzanja lake lidapezeka mu 1995, ndipo ndilo lidatsimikizira kuti mawuwo ndi a 1816. Ndime zake zidalipo zisanu ndi imodzi. John Freeman Young, wansembe wa ku New York, adamasulira zitatu zokha m'Chingelezi mu 1859, ndipo mwa zosiyidwazo muli yonena za Yesu kukumbatira mitundu yonse ya anthu monga mbale wawo. Pa Khirisimasi ya 1914 asilikali a Germany adaiimba m'maenje awo a nkhondo, a Britain akumva tsidya lina, ndipo m'malo ena mfuti zidaleka kulira kwa kanthawi.

"Hark! The Herald Angels Sing" ndiyo imaonetsa bwino za manja ambiri zija. Charles Wesley adailemba mu 1739, ndipo mzere wake woyamba sunkanena za angelo oimba, unkanena za thambo kulira ndi ulemerero. George Whitefield adausintha mu 1753 kukhala momwe tikuudziwira. Akadaulo a Baibulo amaseka pang'ono apa, poti Luka 2:13 amati angelo ankalemekeza Mulungu "nanena", sakuti ankaimba. John Wesley, mkulu wake wa Charles, adadandaula poyera za anthu osintha nyimbo zawo, koma zosintha za Whitefield ndizo zidapambana. Chuni ndiye nkhani ina. Felix Mendelssohn adachipeka mu 1840 pa chikondwerero cha mumzinda wa Leipzig chokumbukira zaka 400 za makina osindikizira mabuku a Johannes Gutenberg, ndipo iye mwini adalemba m'kalata kuti sichingayenerane ndi mawu opatulika. Adamwalira mu 1847. Mu 1855 William Cummings, woimba limba ku Waltham Abbey, adalumikiza chunicho ndi mawu a Wesley, patadutsa zaka 116 chilembedwereni mawuwo. Wolemba mawu ndi wopeka chuni, palibe ndi mmodzi yemwe adamvapo nyimbo yomwe timaimba lero. "O Come, All Ye Faithful" nayo idasintha mpingo panjira. Idatuluka m'Chilatini mu 1751 m'buku la John Francis Wade, Mkatolika wa ku England yemwe ankakhala ku France pothawa mavuto a chipembedzo kwawo, ndipo Frederick Oakeley adaimasulira m'Chingelezi mu 1841. Lero Akatolika, Achipresbateria ndi Apentekoste amaiimba osafunsana.

Mapemphero omwe mukukonzekerawo, osinthanitsa mawu a m'Baibulo ndi nyimbo, nawonso si akale monga timaganizira. Kumayambiriro a zaka za m'ma 1800 ma carol akale adali atatsala kumidzi yokha, ndipo anthu monga Davies Gilbert mu 1822 ndi William Sandys mu 1833 adawasonkhanitsa m'mabuku poopa kuti atha. "The First Nowell" idapulumukira m'mabuku amenewa. Usiku wa pa 24 Disembala 1880, Bishopu Edward White Benson adachititsa ku Truro m'dziko la England, m'kachisi wamatabwa wongogwirizira, mapemphero a mawerengo asanu ndi anayi osakaniza ndi nyimbo. Eric Milner-White, yemwe adali wansembe wa asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, adawakonzanso ku King's College, Cambridge, mu 1918, ndipo BBC idayamba kuwaulutsa mu 1928. Wailesi ndiyo idawafalitsa padziko.

Mawu oti "zachizungu" nawo sakwana pa nyimbo zonse. "Go Tell It on the Mountain" idachokera mwa anthu akuda a ku America, akapolo ndi ana awo, ndipo John Wesley Work Jr. wa ku Fisk University adaisindikiza kumayambiriro a zaka za m'ma 1900. "Mary's Boy Child" adaipeka Jester Hairston, mdzukulu wa akapolo, m'kaimbidwe ka calypso. Harry Belafonte adaijambula mu 1956, koma yomwe imalira m'mashopu ndi m'maminibasi kwathu kuno Disembala akayamba ndi ya Boney M ya 1978. Ngakhale "O Holy Night", yomwe mawu ake adalemba Placide Cappeau, wogulitsa vinyo wa ku Roquemaure ku France, ndipo chuni adapeka Adolphe Adam mu 1847, ili ndi ndime yonena kuti kapolo ndi mbale wathu ndipo maunyolo adzadulidwa. John Sullivan Dwight, yemwe adaimasulira m'Chingelezi mu 1855, adali wodana ndi ukapolo, ndipo ukapolo ku America udali usanathe. Kwanu ku Mulanje komweko anthu adapitirira kudutsitsidwa ali m'magoli mpaka zaka za m'ma 1890, pomwe linga la asilikali la Fort Lister lidamangidwa mu 1893 kuti litseke njira ya ogulitsa akapoloyo. Ndime imeneyo achinyamata anu asaidumphe.

Komwe mkuluyo angapeze kachidutswa ka zomwe akunena ndi m'nyimbo za phwando la nyengo yozizira. "Deck the Halls" chuni chake ndi cha nyimbo yakale ya chaka chatsopano ya ku Wales, ndipo mawu achingelezi omwe Thomas Oliphant adalemba mu 1862 adali ndi mizere yolimbikitsa kudzaza zikho ndi kugugudiza migolo ya mowa, yomwe idachotsedwa pambuyo pake. Palinso nyimbo zakale za anthu oyenda khomo ndi khomo kupempha chakumwa. Zimenezi sizili m'buku la Nyimbo za Mulungu, ndipo palibe akuzifuna m'menemo.

Zomwe zidalowa m'mabuku athu zidabwera ndi vuto lina, la kaimbidwe. M'Chichewa timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto a mawu, pomwe machuni ambiri a ku Ulaya amagunda mwamphamvu pa noti yomaliza ya mzere. Kuti zigwirizane, omasulira ankawonjezera timichira monga -wo, -yo, -mo ndi -tu kumapeto a mizere. N'chifukwa chake timaimba kuti "usikuwo woyerawo", kalankhulidwe komwe simungakamve pamsika wa Chitakale. Tidazolowera ndipo tidazikonda, koma munthu wodziwa nyimbo amamva kuti mawu akukakamizidwa kutsata chuni cha eni ake. Ena adaona izi kale. Ku Embangweni, Donald Fraser ankalimbikitsa Akhristu achingoni kupeka nyimbo m'machuni a kwawo, ndipo za anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula zidalowa m'buku la Sumu za Ukristu. Kwa Akatolika, msonkhano wa Vatican II wa 1962 mpaka 1965 udatsegula khomo la ng'oma, zisekese ndi nthungululu pa Misa.

Ndikadakhala ine, Mayi, ndikadapita kwa bambo mkulu wa mpingowo ndi pulogalamu yonse, nyimbo iliyonse ili ndi mawu ake m'Chichewa ndi vesi lomwe ikutsamira, kuti aweruze imodziimodzi. Pamalo pomwe padali "Jingle Bells" ndikadaikapo "That Boy-Child of Mary". Adailemba m'zaka za m'ma 1960 Tom Colvin, m'busa wa ku Scotland yemwe adatumikira mu Sinodi ya Blantyre, pa chuni cha makolo cha kuno ku Malawi. Mtsogoleri amafunsa dzina lomwe mwana wobadwira m'kholayo apatsidwe, gulu n'kumavomera, monga timachitira potchula dzina la khanda. Idalowa m'buku la nyimbo la mpingo wa United Methodist ku America la 1989, ndipo dzina lomwe adachipatsa chunicho m'bukumo ndi Blantyre. Ndime zake n'zazifupi, sizivuta kuziika m'Chichewa, ndipo kwaya ya achinyamata ingathe kuigwira pa mapulakatisi awiri.